Chaka Chimene Tsitsi la Dona Linabiriwira

Yosiya anasamala dziwe losambiramo azungu kwa zaka zambiri, koma mwini wake kusambira sankakudziwa, ndipo sanafunepo kuphunzira. Ankati madzi ndi akumwa, ophikira ndi ochapira. Zoti munthu wa ndevu zake avule n'kumaphiriphitha m'madzi dzuwa lili pamutu, iye ankati ndi matenda a anthu okhuta. Anachoka kwawo ku Ntcheu ali mnyamata, wapansi, bulangete lili paphewa, nadutsa m'mafamu a fodya asanafike mu Sozibele, likulu la Rhodesia. Potsiriza anakakhazikika ku Greendale, kwa bwana wina wogulitsa matayala a galimoto. Kumeneko anamupatsa ovolosi, ukonde wa mtengo wautali wokokolera masamba, ndi makiyi a kanyumba ka pampu. Makiyi amenewo ndiwo anamuzunguza mutu, moti kuyambira tsiku limenelo ku lokeshoni ankadzitchula injiniya.

Lokeshoni yake inali Tafara, imene masiku amenewo inali ikadanunkha simenti. Nyumba za kumeneko sankapereka poona nkhope. Munthu ankafunika ukwati wolembetsa komanso bwana womuvomereza, ndipo ntchito ikatha nyumba nayo inkapita. Yosiya anali atagona zaka zambiri m'tizipinda ta kuseri kwa magalaja, akubisa mkazi ndi ana ngati mbuzi zakuba, choncho atalandira zipinda ziwiri ndi mpopi wakewake anaikonda nyumbayo mopitirira muyeso. Sitepe ya pakhomo ankaipaka yekha polishi wofiira, ndipo mlendo akabwera ankauzidwa kuti ailumphe. Anabzala pichesi pabwalo. Lamlungu akachoka ku tchalitchi ankaima tsidya lina la msewu, manja kumbuyo, n'kumaiyang'ana nyumbayo ngati ndi ya munthu wina amene amamusirira.

Amene anamuthandiza kuipeza anali Severino, khukhi wa pa nyumba yomweyo ya ku Greendale. Ndiye anawanyengerera dona mpaka anakakamiza bwana kuvomereza. Severino anali wa ku Tete, dera limodzi ndi Celestina mkazi wa Yosiya, n'chifukwa chake amuna awiriwa ankaitanana alamu. Ubale wawo unali wa mkangano. Severino ankamutcha mnzake injiniya wa achule, Yosiya n'kumabweza kuti mwamuna wovala epuloni asamayankhule pakati pa amuna. Akatukwanana mokwanira ankakhala pansi kuseri kwa khitchini n'kumwa tiyi m'zitini za jamu, Severino atabisa buledi wopaka batala m'thumba la epuloni yomwe ija.

Celestina naye sanali mkazi wodikira malipiro a injiniya. Manja ake ankadziwa kutcheza kachasu, ndipo pa mzere wawo panali amayi ena angapo a luso lomwelo. Boma linkaletsa, inde, koma boma lomwelo linkaletsa zinthu zambiri. Zinthu zinavuta nkhondo itakula kumalire. Apolisi anayamba kugwa m'nyumba pafupipafupi kufuna mfuti ndi anyamata a kutchire, ndipo akasowa zimenezo sankafuna kubwerera chimanjamanja. Mgolo ukhoza kunena kuti ndi wa madzi, mphika ndi mphika basi, koma paipi ya mkuwa yopindidwa mwa nkhata ilibe bodza loiteteza. Ikalandidwa, ina yoti ugule kunalibe, poti dziko linali pa masankishoni ndipo ngakhale azungu ankamata zigamba pa magiza awo akale otenthetsera madzi.

Yosiya anaganiza, ndipo kuganiza kwake ndi kumene kunabweretsa zonsezi.

"Amayi a nyumba," anatero tsiku lina, "m'Rhodesia monse muno malo amene wapolisi sapondako ndi amodzi okha. Kuseri kwa nyumba ya mzungu."

"Ndiye mukufuna ndikatchezere kachasu pa kapinga wa dona?"

"Ndikunena paipi. Ndipatseni, ndikaigoneka pabwino."

M'kanyumba ka pampu munali dzenje la simenti lovundikira ndi chimwala, momwe madzi ochokera m'dziwe ankadutsa asanakokedwe ndi pampu kupita ku sefa. Chimwalacho palibe ankachinyamula kupatula Yosiya. Anakulunga paipi m'saka, kumangirira pa njinga pamodzi ndi zida za m'dimba, ndipo pa lodibuloko apolisi anaona mbwidi wa ovolosi, monga ankanyozera anthu obwera, wopita kukatumikira bwana wake, namukodola kuti adutse. Paipi inamira m'dzenje. Tsiku lotcheza likayandikira ankaivuula n'kubwera nayo kunyumba, ndipo inkatuluka ikunyezimira ngati yangochoka m'sitolo.

Kunyezimira kumeneko kunamupatsa mbiri. Mayi woyandikana nawo anabweretsa yake, kenako wa kuseri, kenako mlamu wa wa kuseriyo. Yosiya sankakana, chifukwa kutchedwa mpulumutsi ndi amayi a mzere wonse kunkamukomera kuposa kapu ya kachasu imene ankamupatsa pothokoza. Mapaipi ena ankagona m'dzenjemo masabata eni ake akudikira kuti apolisi azizire. Wina anaika ndi mutu wa pulayimasi womwe, ati nawonso ukatsukidweko kwa azungu.

Tsono mverani kagwiridwe ntchito ka injiniya. Bwana anamuphunzitsa kuti asidi wa dziwe amayamba wasungunulidwa mu ndowa ya madzi, kenako munthu n'kumathira pang'onopang'ono akuzungulira dziwe lonse. Yosiya anachita zimenezo mwezi woyamba wokha. Anaona kuti pampu ilipo, imadya magetsi, ndipo ntchito yake ndi kuzunguza madzi, nanga iye azunguliranji ndi ndowa ngati wogulitsa thobwa? Choncho asidi ankamukhuthulira m'dzenje lomwe lija, wosasungunula, n'kuponyamonso mankhwala a kolorini pambuyo pake. Muyeso wake unali maso. Anapitiriza chimodzimodzi mapaipi atalowamo, osaganizapo kuti chimene chikuwanyezimiritsa chikuwadyanso.

Woyamba kusintha anali galu. Dona anali ndi kagalu koyera ka ubweya wopotana kamene kankalumphira m'dziwe kutsatira mbuye wake, ndipo kanayamba kuoneka ngati kagona m'masamba. Kenako m'makoma a dziwe munatuluka mizere yobiriwira mosakanikira ndi buluu, imene bulashi sinkaichotsa. Madzi okha anali oyera mbee, ukuona pansi, koma atatenga kamtundu ka botolo. Pomaliza linafika tsitsi la dona. Tsitsi limeneli linali chuma cha pa nyumbapo, loyera ngati ndevu za chimanga, ndipo linkapita ku saluni kawirikawiri kuposa momwe bwana ankapitira ku tchalitchi. M'mawa wina dona anatuluka m'bafa akukuwa, mutu uli biriwiri.

Anayesa sopo, anayesa mandimu, anayesa viniga. Mnzawo wa ku tenesi anawauza kuti tomato sosi amachotsa, ndiye Severino analamulidwa kubweretsa botolo lonse, ndipo dona anakhala pakhonde mutu uli psuu, ntchentche zikuchita phwando. Masiku otsatira ankayenda atamanga duku.

"Alamu," anatero Severino pa tiyi, "dona alowa Mvano. Mawa muwatengere ku Tafara akaphike pamaliro."

Anaseka mpaka Yosiya anatsamwa buledi. Chifundo analibe, ndipo tisawanamizire.

Dona atamufunsa Yosiya chimene chalowa m'madzi, iye anayankha mosakayika kuti ndi ndere. Chobiriwira m'madzi chingakhalenso chiyani? Mankhwala a ndere ankawadziwa, choncho anawirikiza kolorini, nawirikizanso asidi, zonse m'dzenje lomwe lija. Mizere ya m'makoma inanenepa. Ana a dona nawonso anabiriwira, ndipo kusukulu anzawo anayamba kuwatcha mayina a ndiwo zamasamba.

Nthawi yonseyi bwana kunalibe, anali kutchire, poti boma linkaitana azungu onse amphamvu kukagwira mfuti mosinthana. Anabwerako ataonda, maso akuthamangathamanga, chitseko chikamenyeka akugwira m'chiuno. Munthu wotero kumuonetsa banja lake litabiriwira mitu sikumuseketsa. Anatunga madzi m'botolo la jini n'kupita nawo m'tauni kwa odziwa kuyeza. Atabwerako sanabwere yekha.

Apolisi anali atatu, mzungu wachichepere ndi akuda awiri. Anaimika antchito pa kapinga. Mmodzi wa akudawo anamasulira, Chishona chosakaniza ndi Chinyanja chothyokathyoka, kuti m'madzimo mwapezeka mkuwa wambiri, ndipo mkuwa sulowa wokha m'dziwe. Wina wathira poizoni. Yosiya anali atagwira ukonde wake, ndipo atamva mawu akuti mkuwa anakumbukira mapaipi a m'dzenje muja. Nthawi yomweyo anadziwa zonse, kuyambira galu mpaka duku.

Anafufuza m'chipinda cha Severino, kuseri kwa galaja, ndipo m'kachitini ka fodya anapezamo timiyala tabuluu. Ndi mankhwala amene alimi amapopera mitengo ya zipatso, ndipo anthu ambiri ankasunga pang'ono opaka pa chipere ndi pa zilonda. Koma timiyalato timapangidwa ndi mkuwa. Kuwonjezera apo Severino anali wa ku Tete, kumene anyamata a kutchire ankadutsira, ndipo mwana wake Virgílio anali atasowa pasukulu chaka chapitacho pamodzi ndi anzake, ndipo aliyense ankadziwa kumene ana osowa pasukulu ankalowera. Wapolisi wachichepere uja anasangalala ngati watola ndalama. Severino anakwezedwa m'galimoto epuloni ikadali m'chiuno. Podutsa anamuyang'ana Yosiya n'kunena kuti, "Alamu, muzimitse uvuni, muli nyama."

Yosiya anazimitsa uvuni.

Anthu atabalalika analowa m'kanyumba ka pampu n'kunyamula chimwala. Mapaipi amene anagonamo nthawi yaitali anali atapyapyala, ena atabooka ngati sefa ya ufa, ndipo paipi ya Celestina inathyokera m'manja mwake. Anawavuula onse n'kuwakwirira pansi pa mulu wa manyowa kumapeto kwa dimba. Mawa lake bwana analamula kuti dziwe liphwetsedwe, makoma akwechedwe, ndipo athiremo madzi atsopano, monga anamulangizira oyeza aja. Yosiya anakwecha ndi mphamvu zimene sanazionetsepo chiyambire ntchito. Asidi anayamba kumusungunula mu ndowa, akuzungulira dziwe ngati mwana wasukulu womvera. Madzi anayera, ndipo sanabiriwirenso.

Apa ndiye panali poipa. Wothira poizoni wachotsedwa, madzi achira, umboni wina ungafunikenso wotani? Pobisa mapaipi aja Yosiya anali atamukhomera mnzake msomali womaliza. Bwana anamugwira paphewa, namutcha mnyamata wokhulupirika, ngakhale anali ndi imvi kuposa bwanayo, ndipo anamupatsa jekete lakale. Yosiya analandira ndi manja awiri.

Anachita mantha, ndipo masiku amenewo nyumba anaikonda kuposa mnzake. Zimenezi n'zosafunika kuzikometsera. Pa njinga ankadziuza kuti apolisi amufunsa Severino n'kumutaya, kuti khukhi wodziwa kuphika sasowa ntchito, kuti Severino alibe nyumba yoti aluze pomwe iye ali ndi ana aakazi awiri apasukulu. Akaulula, ntchito yatha, nyumba yapita, mwinanso amukweza sitima kubwerera ku Ntcheu kumene ngakhale agalu sakanamuzindikira. Maganizo amenewa ankamukwanira mpaka pa geti la bwana. Ikafika nthawi ya tiyi ankakhala yekha kuseri kwa khitchini, khukhi watsopano atamupatsa buledi wouma.

Amayi a pa mzere atafunsa mapaipi awo, anawauza kuti ku Greendale kwadzaza apolisi, adikire. Celestina sanafunse. Anali atamva nkhani ya tsitsi, anali atamva mawu akuti mkuwa, ndipo mkazi amene wakwecha paipi moyo wake wonse amadziwa mtundu umene mkuwa umasanza. Ankamuikira chakudya mwamuna wake mwaulemu wonse, n'kukakhala panja.

Sabata inatha, ina inalowa. Kenako mkazi wa wapolisi wina, amene ankagula kachasu mobisa kwa Celestina, ananong'oneza kuti mkulu wa ku Tete uja amufunsa kwambiri, moti sakuimanso bwinobwino, ndipo mlandu wake ukupita ku khoti lalikulu ngati wothandiza magandanga, anyamata a kutchire aja. Mlandu wotero mapeto ake chinali chingwe.

Madzulo a tsiku limenelo Yosiya anapeza sitepe yake yofiira itapondedwapondedwa. M'nyumba makatani anali atatsitsidwa, mbale zili m'dengu, zofunda zitamangidwa m'mitolo.

"Kodi tikupita kuti, amayi a nyumba?"

"Inu ndi amene mukudziwa, bambo," anatero Celestina akumanga mfundo. "Ine ndangoti mukamaliza kuganiza mupeze katundu ali tayale."

"Mukudziwa kuti akatitulutsa muno sitidzapezanso ina?"

"Ndikudziwa. Ndaikolopa komaliza."

Kutacha anavala ovolosi yake, osati jekete lija. Bwana ndi dona anali pakhonde akumwa khofi, dona atameta tsitsi lalifupi ngati mnyamata, pamene anamva wilibala ikulira kuchokera kudimba. Yosiya anaikankha kudutsa pa kapinga amene iye mwini ankaletsa anthu kupondapo, naikhuthula pamaso pawo. Mapaipi obooka, manyowa, ndi mutu wa pulayimasi zinagwera pa simenti. Anafotokoza m'Chingerezi chake cha m'dimba, akuloza dzenje, akuloza botolo la asidi, akuloza mutu wa dona, mpaka dona anamuuza kuti asiye kuloza.

Bwana anakwiya, koma chimene chinamupweteka kwambiri sichinali dziwe. Masabata onsewa anali akusimba ku kalabu momwe magandanga anafunira kupha banja lake, anzake akumugulira mowa, ndiye lero zituluke kuti adani akewo anali zida za kachasu. Apolisi atabwera, akuda awiri aja anayang'ana muluwo n'kutembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka. Wachichepere uja anafunsa eni ake a mapaipiwo.

"Ndi anga, bwana."

"Onsewa?"

"Ndimamwa kwambiri, bwana."

Anamuwomba mbama, koma dzina la mayi aliyense wa ku Tafara silinatuluke. Anakakhala kundende miyezi ingapo, ndipo potuluka anapeza ntchito kulibe, m'nyumba muja mukukhala kondakitala wa basi amene anali atadula pichesi kuti amange khola la nkhuku. Celestina ndi ana anali akuchita lendi khitchini ya munthu kumapeto kwa lokeshoni, usiku akugona mitu ili pansi pa tebulo. Sitima ya ku Ntcheu inamuphonya, mwina poti akuluakulu anali otanganidwa ndi nkhondo. Amayi a pa mzere sanamuthokoze powabisa, iwo ankangokumbukira mapaipi awo, ndipo ena anamwalira osamupatsanso moni. Yosiya anakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika n'kuyamba kumata machubu a njinga, ntchito imene anaigwira mpaka maso atafooka. Ufulu unabwera, mbendera inasintha, anthu anagula nyumba zimene ankakhalamo, iye akadali wa lendi. Dzina loti injiniya linamukanirira, koma tsopano ankamuitana nalo ndi ena, ndipo iye sankalikondanso.

Severino anamasulidwa patangopita masiku ochepa wilibala ija itakhuthulidwa. Anatuluka akutsimphina, khutu lakumanzere litafa. Dona anamulandiranso mokoma mtima, koma belu la patebulo sankalimva, ndipo patapita mwezi anamupatsa mapoto awiri akale n'kumutsazika. Anakapeza malo ophika m'kantini ina ya ku mafakitale.

Anabwera kudzawaona Lamlungu lina Yosiya atatuluka kundende, atanyamula buledi wopaka batala m'pepala. Celestina anawaikira benchi panja pa khitchini ija n'kuwapatsa tiyi. Anayamba ndi zawo zakale, Severino akufunsa ngati achule a ku ndende nawonso ali ndi injiniya, ndipo anaseka pang'ono. Severino ankadziwa za wilibala, tauni yonse inkadziwa, ndipo anali atabwera kudzathokoza. Chimene sankadziwa ndi masiku a pakati paja.

Yosiya anali atakhala kumanzere kwa Severino, ndipo anakhala kumeneko dala. Akuyang'ana m'kapu, ananena zonse motsitsa mawu: kuti anadziwa pa kapinga pomwe paja, galimoto isananyamuke, kuti anakwirira mapaipi, analandira jekete, ndipo anakhala chete chifukwa cha nyumba. Atamaliza anapuma ngati watula mtolo.

Severino anatembenuka. "Mukuyankhula, alamu? Bwerani mbali ino, uko kunatsekedwa."

Celestina anali pakhomo, mbale ili m'manja, akumuyang'ana mwamuna wake. Yosiya ananyamuka, nazungulira benchi, nakhala kumanja. Anabwereza zonse kuyambira pachiyambi, ndipo ulendo uno zinatuluka zazifupi ndi zonyansa kuposa poyamba.

Severino anazunguza tiyi wotsala m'kapu.

"Nyumba ija inali yabwino," anatero pomaliza. "Inenso ndikanachedwa."

Anamaliza tiyi wake, nathokoza Celestina, natsazika ana mmodzimmodzi powatchula mayina. Yosiya anamuperekeza mpaka pa siteji ya basi, ndipo anagwirana chanza bwinobwino. Severino anakhala zaka zina zambiri mu mzinda womwewo, basi imodzi yokha kuchokera ku Tafara, koma pakhomo pa Yosiya sanapondeponso.